Nkhope ya Kalipentala

9 Febuluwale

Bambo a ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno tadzuka, ngakhale tulo take n'todukizadukiza. Mwana wathu, Namwino, wayamba kuyenda osagwira khoma, bala la opaleshoni likuuma bwino. Kamdzukulu kanu kali ndi mawu ngati macheka anu. Kakayamba kulira, nyumba yonse yosanjayi imadziwa kuti tilipo. Ndikulemba kalata chifukwa pa foni mumangoti "eti? eti?" mpaka ine kukwiya. Makina opalira matabwa anakudyerani makutu, musakane.

Kodi denga la kukhitchini mwakonza? Achemwali anu akubwerabe kudzakuphikirani, kapena mwabwerera ku tiyi ndi buledi? Mayi wa diresi yobiriwira uja akabwera mumuuze kuti yatsala mpendero wokha, ndidzamaliza ndikafika pa 8 Malichi.

Tsono imvani zimene zandichitikira. Pansi pathu pamakhala bambo wina wokalamba, wojambula zithunzi ndi utoto wamafuta. Namwino ndi amene amawabaya jakisoni wa shuga. Lachiwiri ananditumako kukasiya mankhwala, ndipo ndinawapeza akulimbana ndi chinsalu, akufuna kuchikokera pa fulemu, manja akunjenjemera, chinsalu chili makwinya ngati shati ya batchala. Mtima wa utelala sunapirire. Ndinati, "Pepani bambo, ulusi wa nsaluyi mwaupotoza." Ndinayambira pakati, msomali uku, msomali uko, makona pomaliza, mpaka chinalira ngati ng'oma nditachigogoda ndi chala. Anandiyang'ana, n'kuti, "Mayi, munajambulapo?" Ndinati ndimajambula mapatani a madiresi ndi choko. Anaika dzira pa nsalu yoyera, n'kundipatsa khala ndi pepala. "Jambulani ili."

Dzira, bambo! Ndinaseka. Ndinazunguliza mzere kamodzi, ndati ndamaliza. Iwo akuti, "Mwajambula dzira la m'mutu mwanu. La patebuloli simunalione." Ndinakwera masitepe nditatupa ngati mwana wolephera masamu. Koma m'mawa mwake, mwana atagona, ndinatsikanso.

Mafulemu awo ndi ogula, opindika, ochititsa manyazi. Ndinawauza kuti mwamuna wanga ndi kalipentala amene sikweya yoyezera makona imamuopa. Ndiye musandichititse manyazi inunso. Mundipangire awiri, masentimita 50 m'litali, 40 m'lifupi, thabwa louma lopanda mfundo. M'mphepete mwa m'kati mupaleko pang'ono kuti chinsalu chisamagunde thabwa. Mupatsire kondakitala wa basi ya Lachisanu.

Ndine wanu,
Mayi a ana

21 Febuluwale

Mayi a ana,

Moni. Kalata yanu ndalandira. Ine ndili bwino kupatula bondo. Denga ndakonza. Achemwali amabwera Lachitatu ndi Loweruka, dzanja lawo pa mchere mukulidziwa. Makutu anga ali bwinobwino, anthu ndi amene anayamba kulankhulira m'mphuno.

Mafulemu ndatumiza. Ndapanga atatu chifukwa thabwa linatsala. Makona ndalowetsana, mulibe msomali ngakhale umodzi. Muwauze a Dzira anuwo aikepo sikweya, ngati ali nayo.

Koma ndifunseko. Munapita kukalera mdzukulu kapena kukaweta nkhuku? Mazira kunonso alipo. Mukabwera ndikuikirani khumi patebulo, mujambule mpaka aswe anapiye.

Mayi wa diresi wabwera kawiri. Ulendo wachiwiri anafunsa ngati makina osokera tikugulitsa, poti akungokhala. Ndinati mwini wake akufika pa 8 Malichi. Sindinaname, eti?

Ntchito ilipo: mipando isanu ndi umodzi ya pasukulu ndi kabati ya aphunzitsi aakulu. Koma m'shopu mwachita zii. Makina anu akamalira kuseri kwa khoma ndinkawamvera m'mapazi, pansi pamanjenjemera. Pano ndimapala thabwa, n'kuima, kumvetsera, osadziwa kuti ndikumvetsera chiyani. Nthawi ya chakudya imandidutsa chifukwa palibe amene akusiya kupalasa.

Mundiuze mwana akulemera bwanji, ndipo wafanana ndi ndani. Ngati watenga makutu anga mumupepese.

Ine,
Bambo a ana

19 Malichi

Bambo a ana,

Moni wa masiku. Ndikudziwa, pa 8 padutsa. Musandiweruze musanamalize kuwerenga. Namwino wayambiranso ntchito, ndipo mwana alibe womusiyira mpaka wolera atapezeka. Chimenecho ndi chifukwa choyamba, ndipo n'choona. Chachiwiri n'chakuti sindikufuna kusiyira panjira.

Mwana walemera, akudzaza manja. Makutu sakudziwika bwino panopa.

Mafulemu anafika. A Mphunzitsi (si a Dzira, chonde) anayendetsa chala pakona, ananunkhiza thabwa, n'kuti, "Munthu uyu sanama." Ndinadzimva kutalika.

Dzira lija linanditengera milungu itatu. Amandiuza kutambasula mkono, pensulo ili chilili, diso limodzi chotsinzina, n'kumayeza ndi chala chachikulu kutalika kwake poyerekeza ndi kunenepa kwake. Khala saligwira ngati cholembera, amaligwira ngati mpeni wopakira majarini, ndipo chimayenda ndi phewa, osati zala. Pofufuta timagwiritsa ntchito m'kati mwa buledi. Tsiku lina anati nditsinzine pang'ono mpaka zonse zichite chimbuuzi. Bambo, ndinaona! M'kati mwa mthunzi wa dzira muli kuwala kwina, kochokera pa nsalu, kobwerera m'mwamba. Zaka makumi asanu ndi zinayi ndakhala ndikuswa mazira osaona zimenezi. Kuchokera tsiku limenelo sindikhazikika. Ndikamachapa matewera ndimangoona mithunzi m'mapindo mwake, mpaka madzi kusefukira.

Pano ndayamba utoto wamafuta. Chinsalu timayamba tachipaka guluu, kenako utoto woyera katatu, kukwecha ndi sandipepala ukauma, zanu zomwe zija. Kupaka koyamba n'kwa mtundu umodzi wokha, wofiirira ngati dothi, wosungunula ndi thina, mankhwala onunkha aja a penti, mpaka ukhale ngati tiyi wopanda mkaka. Pamene pali kuwala timapukuta ndi kansanza. Ukauma m'pamene timapakanso wina wamafuta ochulukirapo. Akuti woonda pansi, wonona pamwamba. Ukasemphanitsa, chithunzi chimang'aluka pakapita zaka. Chovuta ndi kudikira. Masiku anayi, asanu, ukungochizungulira, manja akuyabwa. Diresi umati ukaiyamba m'mawa, madzulo munthu wavala. Izi ayi.

Loweruka kumabwera ophunzira ena awiri, ndipo mlonda wa pageti amavula shati n'kukhala pampando kuti tiphunzire nthiti ndi mapewa. Amasinza ali pomwepo, wosauka, ife n'kumamudzutsa mutu ukapendekeka.

Ndili ndi mafunso atatu. Musandiseke, ingoyankhani. Makutu anu aima kuyambira pamwamba kapena pakati? Chipsera chija chili pa nsidze ya kumanja kapena ya kumanzere? Nanga chala chimene macheka anadula n'cha dzanja liti?

Bondo likuti bwanji? Mukupaka mankhwala aja?

Ndine wanu,
Mayi a ana

30 Malichi

Mwana wanga,

Moni, pamodzi ndi amuna ako ndi mwana. Ine ndilipo. Kalatayi usawaonetse amayi ako.

Undiuze chilungamo, ndiwe munthu wa kuchipatala. Bambo wa pansipo ndi ndani? Ali ndi mkazi? Ali ndi zaka zingati? Nanga mayi woti ali ndi mdzukulu akuwerengeranji nthiti za alonda? Ine ndavula shati m'shopu muno zaka makumi atatu ndi ziwiri, palibe amene anandiwerengapo nthiti.

Chinanso, mutu wawo uli bwino? Andifunsa kuti chala changa choduka n'cha dzanja liti. Tsiku limenelo ndi iwo amene anamanga balalo, ndi iwo anaimitsa galimoto pamsewu atatambasula manja ngati wapolisi. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi zinayi, unalira kuposa ine. Munthu amaiwala zotere? Mwina ndi matenda oiwala aja, mwina ndi ineyo amene ndaiwalika. Ndakhala ndikuzungulira benchi masiku atatu, osadziwa kuti pa ziwirizi ndipemphere chiti.

Uyankhe msanga.

Bambo ako

8 Epulo

Ababa,

Moni. Ndikulemba pa nthawi ya tiyi kuntchito, mukhululuke zilembo.

A Mphunzitsi ali ndi zaka 79, mano anayi, ndi shuga amene ndimalimbana naye m'mawa uliwonse. Akafuna kupaka mzere wowongoka amatsamiritsa dzanja pa ndodo yokulunga nsanza kumapeto, apo ayi burashi imavina yokha. Mkazi wawo anamwalira kalekale. Ngati mukufuna kuchita nsanje, chitirani maburashi. Amayi amawasambitsa ndi sopo wa mwana, n'kuwayanika mitu ili pansi ngati akhanda obadwa masiku asanakwane.

Mutu wawo uli bwino, ndinawayesa mochenjera. Akukumbukira ndi tsiku lomwe ndinaswa galasi la kabati.

Koma Ababa, amayi awa sindikuwadziwa. Sakhala pansi. Akamamwetsa mwana botolo amamutembenuza kuti kuwala kumugwere bwino patsaya. Amayi anauza amuna anga kuti pansi pa chibwano chawo pali mtundu wobiriwira, munthu anathamangira pagalasi akuganiza kuti akudwala. Zikhadabo zonse utoto. Lamlungu ndinapeza bulangete la mwana likununkha thina, ndipo ndinalankhula mawu amene ndikuchita nawo manyazi. Ndinati, "Munabwera kudzandithandiza kapena kudzasewera?" Anangoti, "Ndamva." Anachapa bulangete, anatsuka mbale zonse, n'kutsikanso. Pano amasintha zovala pakhomo asanamunyamule mwana.

Wolera mwana anayamba pa 1. Amayi ndawauza kuti ali omasuka kubwerera. Anangotsikira pansi kukajambula.

Pali chinsalu china, pa fulemu yanu imodzi, chimene amachiyang'anitsa kukhoma. Salola munthu. A Mphunzitsi akuti amayi achipala ndi kampeni katatu konse, ndipo ulendo wachitatu anatuluka m'chipindamo akulira. Nditafunsa kuti pali chiyani, agogowo anangoti, "Funsani mwini wake."

Ine ndatopa kukhala positi ofesi. Lemberanani nokha.

Mwana wanu

19 Epulo

Mayi a ana,

Moni. Ndili bwino.

Mayankho anu ndi awa. Makutu aima kuyambira pamwamba. Chipsera chili pa nsidze ya kumanja. Chala ndi cholozera, cha dzanja lamanzere, chinatsala mfundo imodzi. Ngati pali fomu imene mukulemba, nenani, ndikutumizirani ndi nambala ya nsapato yomwe.

Ndamva kuti wolera mwana anayamba pa 1. Lero ndi pa 19.

Diresi yobiriwira mwini wake watenga, wakamalizitsa kwina. Makina ndawathira mafuta, ndawaphimba. Achemwali akuti ndiwapereke kwa mwana wawo azisokera.

Ine sindikakamiza thabwa. Likafuna kupindika limapindika, ngakhale ulikhome misomali khumi. Ngati moyo umene mwaupeza kumeneko ukukoma kuposa wa kuno, nenani poyera, ndisamangothamangira kudepoti Lachisanu lililonse ngati chitsiru. Makondakitala ayamba kundipatsa moni wa pamaliro.

Bambo a ana

1 Meyi

Bambo a ana,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga kanayi, nditaima, chifukwa kukhala kunandikanika. Za bondo simunanene, ndiye ndadziwa kuti likupweteka.

Palibe fomu. Chinsalu chimene Namwino wakuuzani (ndikudziwa kuti munalemberana, mwana wanu sadziwa kubisa) ndi inuyo. Ndinafuna kubwera nacho ngati mphatso, pa fulemu yanu yomwe. Ndinkati munthu amene ndakhala naye nyumba imodzi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndingafunenso chithunzi cha kamera? Papepala msana wanu unatuluka tsiku limodzi. Khosi lowerama pa benchi, pensulo kukhutu, phewa limodzi lotsika kuposa linzake chifukwa chopala matabwa, zonse zinabwera zokha. Koma nditati ndikutembenuzeni pachinsalu kuti muyang'ane kuno, dzanja linaima.

Koyamba inatuluka nkhope ya achimwene anu. Ndinapala. Kachiwiri inatuluka ya mlonda. Ndinapala. Kachitatu inatuluka nkhope yosalala, ya munthu aliyense, ngati zija za pa makatoni a sopo. A Mphunzitsi anaima kumbuyo kwanga, n'kuti, "Mayi, munthu ameneyu munamuyang'anapo?" Ndinapsa mtima, ndati, "Ndi mwamuna wanga." Iwo akuti, "Sindinafunse ngati mumamukonda."

Bambo, mapazi anu ndimawadziwa muli kumsewu. Mukatsokomola ndingakuzindikireni pakati pa anthu zana. Muyezo wa kolala yanu, wa m'chiuno, wa mkono, zonse zili pamtima. Koma nkhope? Titangokwatirana ndinali ndi manyazi, ndinkayang'ana pansi. Manyazi atatha kunabwera ana, singano, mapoto. Tinkalankhulana inu muli uko ine ndili kuno, khoma pakati, aliyense maso pa ntchito yake. Tsiku la chala ndikulikumbukira lonse: utuchi wofiira, nsalu ya maluwa ya kasitomala imene ndinang'amba, inu mukuti "si kanthu, si kanthu" milomo itatuwa. Koma dzanja liti, ayi. Ndinalira chifukwa cha zimenezo, osati chifukwa cha utoto. Ndipo ndinafunsa mopusa, ngati kalaliki, chifukwa ndinachita manyazi kunena zoona.

Sindikuthawa pakhomo. Koma sindikufunanso kubwera ndili wakhungu monga ndinachokera. A Mphunzitsi akuchoka kumapeto kwa Juni. Mwana wawo akudzawatenga, shuga wawagonjetsa. Chipinda chikatsekedwa sindidzakhalanso ndi wondiuza pamene ndalakwitsa. Masiku akuthamanga, utoto ndiye suthamanga.

Bwerani. Masiku anayi okha. Mudzakhale pampando, ndikuyang'aneni. Shati simudzavula.

Ndine wanu,
Mayi a ana

23 Meyi

Ababa,

Moni. Muli moyo? Milungu itatu tsopano amayi akutsikira ku bokosi la makalata kawiri patsiku. Lachisanu lililonse amapita kudepoti, amati akukagula mkaka, n'kubwera opanda mkaka. Ndawaimbira foni azakhali, akuti muli bwinobwino, mukungopala thabwa limodzi lomwelomwelo mpaka latsala ngati pepala.

A Mphunzitsi anagwa Lolemba, tinawagoneka masiku awiri. Atuluka, koma ayamba kulonga mabuku m'makatoni. Amayi akonza chinsalu chatsopano, apaka choyera katatu, chauma, chikungodikira.

Ine ndinawapepesa pa mawu anga aja. Inu ngati mwakwiya, dzakwiyireni kuno, mpando ulipo. Mdzukulu wanu wayamba kuseka ndipo simunamuonepo.

Mwana wanu

15 Juni

Mayi a ana,

Moni. Ndinafika bwino. Bondo linatupa m'basi koma laphwa. Chimfine cha mwana chili bwanji? A Mphunzitsi adzuka bwanji? Muwauze kuti mwendo wa choimikira zithunzi chija ndinauthira guluu, asautsamire mpaka Lamlungu.

Masiku asanu amene ndinali kumeneko sindinalankhule zambiri. Mukundidziwa, pakamwa panga pali papepala. Ndiye ndinene pano.

Ndinachedwa kubwera osati chifukwa cha mkwiyo. Mkwiyo unatha tsiku lomwe ndinawerenga kalata yanu. Ndinkaopa. Ndinkati mayi ameneyu waphunzira kuona, nanga akandiyang'anitsitsa n'kupeza kuti palibe choti abwerere?

Tsiku loyamba pampando paja ndinavutika kuposa kwa dokotala wa mano. Munandikhazika cham'mbali mwa zenera, n'kulemba ndi choko pansi mozungulira miyendo ya mpando ndi nsapato zanga, kuti mawa ndidzakhale pomwepo. Munatambasula mkono, burashi chilili, diso limodzi, kundiyeza ngati chitseko. Ine thukuta kamukamu. Ndinati, "Mwamaliza?" Inu: "Musayankhule, chibwano chikusuntha." A Mphunzitsi anaseka pakona paja mpaka kutsokomola. Kenako ndinawamva akukuuzani kuti, "Musayambe ndi maso, mayi. Maso ndi mabatani, amasokedwa pomaliza. Yambani ndi mthunzi waukulu." Ndinati mumtima, bamboyu ndi mmisiri, amadziwa kulankhula ndi telala.

Tsiku lachiwiri ndinasuzumira pa thabwa lanu losakanizirapo utoto. Panali wabuluu, wachikasu, wofiira, ngakhale wobiriwira. Ndinati, "Zonsezi n'za ine? Ine ndine wa mtundu umodzi." Inu mukungosakaniza ndi kampeni, kuyang'ana chipumi changa, kusakanizanso.

Ndiye mawu aja. Munati, "Tulutsani dzanja lamanzere." Ine ndati lili pabwino. Munaika burashi pansi. "Kuyambira dzulo lalowa m'thumba, latuluka, labisala pansi pa linzake, lathawira kukhwapa. Ine ndakhala ndikudziimba mlandu kuti sindinaliyang'ane. Kodi inu munandionetsapo?" Zinali zoona. Zaka makumi awiri ndakhala ndikulibisa, patebulo, pa anthu, ngakhale pogona, osadziwa n'komwe kuti ndikubisa. Ndinaliika pa bondo. Munaliyang'ana mpaka tiyi kuzizira. Kenako munasakaniza wofiira pang'ono ndi wotuwa, osafulumira, kuyesa pa nsanza, kuwonjezera, ngati kachitsa kameneko n'chinthu choyenera kuchipezera mtundu wake weniweni. Pamenepo ndinayang'ana kudenga misozi ikulengeza, ndipo si chifukwa cha fungo la thina.

Poti panalibe kwina koyang'ana, masiku otsalawo ndinayang'ana inu. Mukamayeza mumaluma mlomo wa m'munsi. Mukalakwitsa, nsidze imodzi imakwera yokha. Muli ndi imvi zambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zikukukhalani.

Tsiku lomaliza mutachitembenuza ndinati, "Awa ndi malemu bambo anga, si ine." A Mphunzitsi anangondipatsa kalilole. Ndinadziyang'anamo. Sindinkadziwa kuti ndinafika kale pa msinkhu umenewo. Koma khutu lakumanja mwalikulitsa, apo sindigonja, ndipo iwonso anavomereza.

Chipinda chosungira matabwa ndachotsamo zonse, ndasesa, kuti muzijambuliramo. Ndikufuna kuboola zenera koma sindikudziwa khoma liti, mudzaloza nokha. Makina osokera ali pomwe munawasiya. Poti chithunzicho sichinaume, kodi ndikupangireni bokosi loti utoto usagunde kanthu panjira? Mundiyankhe, ndipo munene tsiku. Tsiku lenileni.

Ine wanu,
Bambo a ana

28 Juni

Bambo a ana,

Moni. Chimfine chatha, mwana akudya chibakera chake. Namwino ndi amuna ake akupereka moni.

A Mphunzitsi anapita dzulo. Pokwera galimoto anandipatsa maburashi asanu ndi kampeni. Sananene kuti ndadziwa kujambula. Anati ndayamba, ndipo ndizijambula tsiku lililonse, ngakhale supuni, zaka khumi, kenako tidzaone. Ndinafuna kuwauza mawu ambiri, koma mwana wawo anali atalizitsa kale injini. Chipinda chija achikhoma. Ndinadutsapo m'mawa uno, fungo lidakalipo pakhomo.

Khutu ndakonza, ndiye utoto wa pamenepo ukadali wauwisi. Achemwali anu muwauze kuti makina ali ndi mwini. Ndizisoka m'mawa. Masana musamalandire makasitomala anga, ndipo inunso musamandiitane kudzagwira thabwa. Azolowera, muzolowera.

Bokosi musapange. Ndakafunsa kudepoti, akuti chilichonse cha m'bokosi chimalowa pansi pa basi pamodzi ndi matumba ndi njinga, ndipo ndaona mmene amaponyera. Ndidzachinyamula pamiyendo, nditagwira m'mphepete, nkhope itayang'ana kwa ine kuti odutsa asachikhudze. Maola asanu ndi anayi, inu ndi ine, maso ndi maso, ndipo ulendo uno simudzayankhula ngakhale kamodzi.

Lachisanu, pa 5 Julayi. Mudzandichingamire, mudzaime pakhomo penipeni pa basi. Chikwama mudzanyamula ndinu. Ine manja adzakhala atadzaza.

Ndine wanu,
Mayi a ana